Kamera pa Nsonga ya Nsungwi: Kuiona Zomba pa Mamita 6

 Zikomo kuti mwasiya ntchito zanu kudzamvera nkhani imene ena akaimva koyamba amaseka. Tikambirana za kumangirira kamera kapena foni kunsonga ya mtengo wautali, kuuimika, n'kujambula zimene zili pansi. Mfundo yanga ndi yakuti pakati pa mamita 4 ndi mamita 8 kuchokera pansi pali malo oonera amene ambiri a ife sitinawagwiritsepo ntchito, chonsecho ndi pamenepo pamene mavuto a m'tauni muno ndi a m'phirimu amaonekera bwino.

Inu a ku Zomba simufunika munthu wokuuzani ubwino woona dziko muli pamwamba. Tauni yathu ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamene nyanja yamchere imalekezera, pamene nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Alendo olemekezeka akabwera, boma linkawakweza kuphiri. Queen's View idatchedwa choncho potsatira ulendo wa mayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndipo Emperor's View idatenga dzina pa Haile Selassie wa ku Ethiopia amene adafika kuno mu 1965. Kukacha bwino, ukaima pamenepo umaona nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, chigwa cha Phalombe, ndi phiri la Mulanje lili njoo chapatali. Ukazungulira ku Chingwe's Hole umaona chigwa cha Shire. Maso amakhuta ndithu. Koma tamufunsani munthu amene waima pamenepo ngati gombe la mtsinje wa Likangala pa Mpondabwino lagumuka chaka chino, kapena ngati ngalande ya kuseri kwa sukulu yatsekeka ndi mapulasitiki. Sangakuyankheni. Akuluakulu adati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame.

Ndege nazo zidatijambula. Mu 1946 boma la Britain lidakhazikitsa Directorate of Colonial Surveys, imene pambuyo pake idatchedwa Directorate of Overseas Surveys, ndipo mapu ambiri a dziko lino a mulingo wa 1:50,000 adachokera ku zithunzi za pa ndege za ntchito imeneyo. Ndi mapu abwino, mpaka lero tikuwadalira. Komatu pa mapu otere milimita imodzi ikuimira mamita 50. Nyumba yanu, khitchini ndi khola la mbuzi, zonse pamodzi sizikwana pamene nsonga ya pensulo yagunda. Pamwamba pa ndege pali masetilaiti. A Landsat a dziko la America akhala akujambula dziko lapansi kuyambira mu 1972, ndipo a Sentinel-2 a ku Ulaya, amene woyamba wake adaulutsidwa mu 2015, amapereka zithunzi zaulere kwa aliyense amene ali ndi intaneti. Chithunzi chilichonse cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho timene akatswiri amati ma pixel. Pa Landsat ya masiku ano kadontho kamodzi kamaimira malo a mamita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi. Pa Sentinel-2 kamaimira mamita 10 ndi 10. Ndipo m'dzinja, nthawi imene mitsinje ikuononga, mitambo imaphimba zonse.

Tsopano tengani foni wamba, ya kamera yojambula madontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Ikwezeni mamita 6, iyang'ane pansi. Kamera yaikulu ya mafoni ambiri, ikakhala pamenepo, imatenga malo a pafupifupi mamita 8 m'litali ndi 6 m'lifupi. Gawani mamita 8 ndi madontho 4,000, mupeza kuti kadontho kamodzi kakuimira mamilimita 2. Njere ya chimanga ioneka, mng'alu wa pakhoma uonekanso. Chithunzi chonsecho, ndi madontho ake 12 miliyoni, chikukwana m'kati mwa kadontho kamodzi ka Sentinel-2, malo n'kutsalako. Setilaiti idzakuuzani kuti nkhalango ya m'phiri yachepa. Kuti mudziwe ngati mbande zimene mudabzala zagwira, pafunika nsungwi.

Wina m'chipinda muno akuti, nanga drone? Funso labwino, ndipo Malawi si mlendo pa nkhaniyi. Mu Juni 2017 boma lathu ndi UNICEF adatsegula ku Kasungu dera loyeserera ma drone pa ntchito zothandiza anthu, lotambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalo la ndege la kumeneko. Mu Januwale 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa African Drone and Data Academy, kumene achinyamata a mu Africa amaphunzira kupanga ndi kuulutsa tindege timeneti. Pa munda wa mahekitala ambiri kapena pa dera lonse losefukira madzi, drone ilibe mnzake. Koma taganizani za Zomba. M'tauni yaing'ono ngati ino muli Cobbe Barracks, bwalo la ndege la asilikali, Nyumba ya Boma, ndende yaikulu ndi sukulu ya apolisi. Kuulutsa drone kuli ndi malamulo a oyang'anira za maulendo a pa ndege, ndipo pafupi ndi malo ngati amenewa sungangodzuka n'kuulutsa. Chinanso, Zomba ndi tauni ya mitengo ikuluikulu. Mibawa ya m'misewu yathu ndi mitengo ya ku Botanic Gardens imaphimba mitsinje, madenga ndi njira. Drone ikakwera imangoona masamba, ikatsika imakodwa m'nthambi. Nsungwi imaima pansi pa mthunzi womwewo n'kujambula mtsinje. Siifuna batire lakelake, ndipo ikathyoka mumakadula ina.

Luso limeneli lili ndi makolo ake. Mu 1858 Mfalansa wina wotchedwa Nadar adajambula ali m'chibaluni pafupi ndi Paris, koma zithunzi zakezo zidatayika. Chakale kwambiri chimene chilipobe ndi cha mzinda wa Boston, chojambulidwa ndi James Wallace Black mu 1860. Mu 1888 Arthur Batut adamangirira kamera ku kaiti. Mu 1906 George Lawrence adakweza kamera yolemera kwambiri ndi makaiti angapo olumikizana, n'kujambula San Francisco itagumuka ndi chivomerezi. Ku Germany, Julius Neubronner adafika pomangirira timakamera pachifuwa pa nkhunda. Amene adatsikira pafupi ndi nthaka ndi ofukula zakale, chifukwa iwo sankafuna mzinda wonse, ankafuna dzenje limodzi lioneke bwino. Ku Megiddo cha m'ma 1930, P. L. O. Guy ankagwiritsa ntchito makwerero aatali ndi chibaluni pojambula maziko a nyumba zimene ankafukula. Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha mu 2010, pamene mafuta adatayikira m'nyanja ya Gulf of Mexico. Anthu wamba a m'mphepete mwa nyanjayo, poona kuti akungomva za m'maluwa, adakweza makamera otchipa ndi mabaluni ndi makaiti n'kudzipangira mapu a magombe awo. M'ntchito imeneyo mudatuluka gulu la Public Lab, limene pambuyo pake lidaphunzitsanso anthu kujambula ndi ndodo zazitali zowedzera nsomba. Ife ndodo zotere tili nazo kale. Eriyo ya wailesi timaikweza ndi nsungwi, mango timagwetsa ndi nsungwi, ndipo pa Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, asodzi amakankha bwato ndi mtengo wautali.

Tiyeni tsopano tilowe m'ntchito yeniyeni, ndipo pano ndichedwapo.

Sankhani nsungwi yokhwima, ya zaka zitatu kapena kuposerapo, youma, yosafumbwa ndi yopanda mng'alu pa mfundo. Yaiwisi imalemera, imapindika, ndiponso imadutsitsa magetsi mosavuta. Mtengo wa bulugamu usiyeni, ndi wa denga. Kwa woyamba kumene, mamita 4 akwana. Mamita 6 ndi a munthu amene wazolowera. Dulani nsonga pamene nsungwi ikadali yonenepa ngati chala chachikulu, chifukwa kansonga kowonda kamagwedezeka ngakhale kulibe mphepo. Dulani pamwamba pang'ono pa mfundo kuti isang'ambike. Kenaka pezani kathabwa kopepuka kotalika ngati chikhatho chanu. Kamangeni kunsonga ndi malegeni, omwe aja a chubu cha njinga amene akabaza amamangira katundu, mozunguliza mopingasa, mokoka ndithu, mpaka kathabwako kasasunthe mukakakankha ndi chala. Pa kathabwapo mangiriranipo chogwirira foni chochotsa ku ndodo ya selfie. Makamera ambiri ndi zogwirira zake ali ndi kabowo ka mazinga kunsi kolowa bawuti ya kota ya inchi, ndiye mukaipeza bawuti yotere ntchito yaphweka. Chomaliza, chimene anthu amachinyozera mpaka tsiku limene foni yagwera pa mwala: chingwe chachiwiri, chochokera ku chikwama cha foni kukamangidwa pansi pa mfundo yachiwiri ya nsungwi. Malegeni akaduka, foni ilendewere, isagwe.

Poimika, musainyamule ngati mbendera. Foni ya magalamu 200 ili kunsonga ya mamita 6, mtengo uli chogona ndipo manja anu atalikirana mita imodzi, dzanja lakutsogolo limamva kulemera koposa kilogalamu imodzi, osawerengera nsungwiyo. Tsamiritsani tsinde pa mwala kapena pa phazi la mnzanu, gwirani chapakati, ndipo yendani cholowera kutsinde mukusinthanitsa manja mpaka itaima. Potsitsa bwererani momwemo. Ntchitoyi imafuna anthu awiri, atatu n'kwabwino koposa: wogwira mtengo, woyang'ana kumwamba ndi m'mbali, ndi wolemba m'kope.

Mukafuna chithunzi choyang'ana pansi penipeni, musaimike nsungwi chilili, chifukwa mudzajambula mutu wanu ndi mapazi anu. Ipendeketseni kutsogolo. Nsungwi ya mamita 6 ikapendekeka madigiri 60 kuchokera pansi, foni imakhala pa mamita 5 ndi pang'ono m'mwamba, ndi mamita 3 kutsogolo kwanu. Ndiye kathabwa kaja kamangidwe mopendeka, kuti nsungwi ikapendama foni ikhale chogona bwinobwino. Yesani pabwalo la simenti kapena pa njerwa zoyala: mizere ikaoneka yolunjika, yosapanikizana mbali imodzi, mwakhoza.

Nanga batani mudina bwanji foni ili kumwamba? Njira yosafuna ndalama ndi kuitchera kuti idikire masekondi 10, koma imatopetsa chifukwa chithunzi chilichonse n'kutsitsa. Kabatani ka Bluetooth ka ndodo ya selfie kamafika mamita pafupifupi 10, ndiye kamakwanira. Alipo mapulogalamu aulere a kamera amene amajambula okha pa masekondi awiri kapena atatu aliwonse. Mumangoyatsa, kukweza, n'kumayenda. Mukasowa zonsezi, jambulani vidiyo, kenaka mutapemo zithunzi, ngakhale sizikhala zakuthwa ngati zenizeni. Mdani wamkulu ndi kugwedezeka. Ngati foni yanu ikulola, ikani liwiro la shutter pa 1/500 kapena kuposa, ndipo mukafika pamalo imani, pumani, dikirani nsonga ikhazikike. Gwiritsani kamera yaikulu ya foni. Ija yotenga malo otambalala kwambiri imapinda mizere m'mbali, ndipo simungayezepo kanthu.

M'chithunzi chilichonse cha umboni muzikhala zinthu ziwiri pansi: ndodo ya mita imodzi yeniyeni, yopakidwa penti yoyera ndi yakuda mosinthanasinthana pa masentimita 10 aliwonse, ndi muvi wa pakatoni woloza kumpoto. Popanda ndodoyo chithunzi chanu ndi chokongoletsera khoma basi.

Kuwala nako n'kofunika kukudziwa. Dzuwa la m'mawa kapena la madzulo limabwera chammbali, ndipo kamtumbira kalikonse kamaponya mthunzi. Nthawi imeneyo ndi yabwino poona mizere yakale ya m'munda, maziko okwiririka, ndi tinjira ta madzi timene tikuyamba kumene. Mukafuna chithunzi choyezera, mithunzi imasokoneza, ndiye dikirani masana kapena tsiku la mitambo yopyapyala. Kuno ku Zomba dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Masana a masiku amenewo mtengo woima chilili sukhala ndi mthunzi. M'miyezi yozizira dzuwa limabisala msanga kuseri kwa phiri, ndipo chiperoni chikagwa ku Ku Chawe simuona ngakhale nsonga ya nsungwi yanu. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala utsi ndi fumbi zimaononga zithunzi za kutali, koma za pa mamita 6 sizikhudzidwa.

Malo akakula kuposa chithunzi chimodzi, mumayenda m'mizere, kujambula pa mamita 2 aliwonse, mizere itatalikirana mamita 3 kapena 4, kuti chithunzi chilichonse chibwereze gawo lalikulu la chinzake. Pulogalamu yaulere ya OpenDroneMap imatha kuzilumikiza kukhala mapu amodzi, ndipo QGIS, yaulerenso, imakuthandizani kuyeza. Poloti ya mamita 20 ndi 20 imafuna zithunzi 60 kapena 70. Hekitala imodzi imafuna zoposa 1,000, ndi mapewa achitsulo. Apo musalimbane nazo, kafuneni drone.

Tsono tijambule chiyani? Ndiyamba ndi chigwembe, chifukwa m'munsi mwa phiri lino madzi amatsika ndi liwiro. Chigwembe chimakula chobwerera m'mbuyo. Madzi akafika pa mutu wake amagwa ngati kamathithi, amakumba kunsi, dothi lapamwamba limatsala lili lende, kenaka limagumukira m'dzenje, ndipo mutu uja wasendera kumtunda. Mvula ina ikabwera zimabwerezanso. Munthu woima pambali amangoona dzenje, ndipo chaka chamawa adzaonanso dzenje. Koma khomani zikhomo ziwiri kumtunda kwa mutuwo, ikani ndodo ya mita, jambulani muli pamwamba mu Okutobala, mudzajambulenso mu Epulo. Mudzatha kunena pamaso pa mfumu kapena pa khonsolo kuti chigwembechi chayenda mamita akutiakuti m'dzinja limodzi, ndipo chatsala ndi mamita akutiakuti kufika pa chimbudzi cha sukulu. Mawu otere amamveka mosiyana ndi akuti "chikukula kwambiri". Madzi osefukira a mu Januwale 2015 adatipeza, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adatipezanso, ndipo nthawi zonse anthu amatsutsana za pamene gombe la mtsinje lidali kale. Aliyense amakumbukira mokomera dimba lake.

Chinsinsi chake ndi kubwereza. Chithunzi chimodzi sichinena zambiri. Ziwiri za malo amodzi, zojambulidwa mofanana pa nthawi zosiyana, ndiwo umboni. Choncho malo oimapo akhale odziwika: ngodya ya mlatho, mjigo, mwala waukulu, kapena chikhomo cha simenti. Nsungwi ikhale ya utali womwewo, kamera iloze mbali yomweyo, mwezi ndi ola zifanane. Zonsezi zilembedwe m'kope, pamodzi ndi dzina la wojambula.

M'phirimu ntchito ilipo yambiri. Paini wa m'nkhalango ya boma, amene kwawo kwenikweni ndi ku Mexico, amadulidwa, malo amabzalidwanso, ndipo moto wa m'chilimwe umadutsa. Madzi amene tikumwa m'tauni muno amachokera ku damu la Mulunguzi, ndiye za mitengo ya kumtunda kwa damulo si za a nkhalango okha. Chaka ndi chaka, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lino limakhala m'nyengo yobzala mitengo. Timamva chiwerengero cha mbande zobzalidwa, timaona zithunzi za akuluakulu atagwira khasu. Za mbande zimene zafika Okutobala zili moyo sitimva kawirikawiri, ndipo ine ndimati chiwerengero chofunika ndi chimenecho. Kalabu ya pa sukulu ikhoza kusankha kachigawo ka mamita 8 ndi 6, kujambula sabata yobzala, kudzajambulanso chilimwe chitapsa, n'kuwerenga. Ana a Sitandade 7 angaikwanitse ntchito imeneyi, wamkulu ali pambali.

M'tauni muli nyumba zakale zimene mizinda ina ilibe. Zomba idali likulu kuyambira mu 1891 mpaka mu 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo idakhalabe kuno mpaka mu 1994. Nyumba imene lero ndi hotela ya Masongola idamangidwa mu 1886. Nyumba yakale imayamba kufa kudenga: lata limodzi lasomphoka, ngalande ya denga yadzaza masamba, madzi ayamba kulowa m'khoma. Woyenda pansi amadziwa khoma litanyowa kale. Mwini nyumba akalola, nsungwi imaona dengalo m'mphindi zisanu popanda munthu kukwerapo n'kuthyola zina. Kwa ophunzira za mbiri yakale pa yunivesite yathuyi, luso limeneli ndi la pa ntchito yanu yeniyeni. Amene akufukula malo ngati Mankhamba ku Dedza, kumene Yusuf Juwayeyi adafufuza likulu la Amaravi, amafunika chithunzi choyang'ana pansi cha gawo lililonse asanakumbe lotsatira, chifukwa kufukula n'kuononga. Chimene wachotsa sungachibwezere. Ku Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za pa miyala ndipo UNESCO idawalemba m'kaundula wake mu 2006, ndodo imafikitsa kamera pafupi ndi chojambula cha m'mwamba popanda dzanja kukhudza mwala.

Anyamata ojambula pa maukwati ndi pa tsiku lomaliza maphunziro ku Great Hall ya pa yunivesite, nanunso mvetserani. Gulu la anthu 80 mukalijambula muli pansi, a kumbuyo amaoneka zipewa zokha. Kwezani kamera mamita 3 kapena 4, ipendekere pansi pang'ono, auzeni onse ayang'ane kumwamba. Nkhope iliyonse ituluka, ndipo aliyense amene nkhope yake yatuluka ndi kasitomala.

Pali chimene nsungwi singachite. Siilowa m'malo mwa woyeza malo wovomerezeka ndi boma. Chinthu chachitali, monga khoma kapena mtengo, chimaoneka chopendekera kunja chikakhala m'mbali mwa chithunzi, choncho muyeso wodalirika ndi wa zinthu zimene zili pansi, pa mulingo umodzi ndi ndodo yanu ya mita. Pa mkangano wa malire chithunzi chikhoza kuthandiza mfumu ndi mboni kukumbukira pamene padali mzere wa nkhadze, koma musapite nacho kwa mnansi wanu ngati chikalata cha umwini.

Tsopano za imfa, chifukwa mtengo wautali ukhoza kupha. Mawaya a ESCOM odutsa m'makwalala athu amanyamula mavoti 11,000 kapena 33,000, ndipo ngakhale olowa m'nyumba, a mavoti 230, amapha. Magetsi amphamvu sadikira kuti muwakhudze, amatha kudumpha mukangoyandikitsa. Paipi yachitsulo kapena ya aluminiyamu, ndodo ya carbon fibre, nsungwi yaiwisi kapena yonyowa ndi mame, zonsezi zimawapatsa njira yodzera m'manja mwanu. Lamulo limene ndimapereka ndi ili: musanaimike, yang'anani kumwamba, waya aliyense akhale kutali ndi inu kuwirikiza kawiri utali wa mtengo wanu, poyenda, unyamuleni chogona. Za mphenzi, makamaka pamwamba pa phiri kuyambira Novembala mpaka Epulo, palibe zokambirana. Kugunda kwa bingu kumayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, ndiye mukaona kung'anima n'kumva kugunda musanawerenge kufika 30, mphenziyo ili m'kati mwa makilomita 10. Gonekani mtengo pansi, chokanipo. Pa msika kapena pa khwimbi la anthu musaimike popanda mnzanu wopatula anthu.

Chotsala ndi ulemu, ndipo ndikupempha mafumu amve bwino gawo ili. Mpanda wa munthu udamangidwa poyerekeza ndi maso a munthu woyenda pansi. Mukakweza kamera mamita 6, mpandawo mwaugwetsa mwini wake asakudziwa. Mabafa ambiri a m'makwalala athu, ku Chikanda, ku Sadzi, ku Chinamwali ndi m'midzi yozungulira, ndi a udzu kapena a njerwa opanda denga. Sindifunika kufotokoza zambiri. Ngakhale kampani yaikulu ngati Google idagundika pa nkhani yomweyi: mu 2009 anthu a ku Japan adadandaula kuti makamera a Street View, okwezedwa pa denga la galimoto, akusuzumira m'mipanda, ndipo kampaniyo idavomera kuwatsitsa ndi masentimita 40 n'kujambulanso. Ngati masentimita 40 adautsa mlandu, nanga mamita 6? Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa munthu wosunga za m'nyumba mwake, koma tisanafike ku khoti, mwambo wathu udanena kale. Odi amayambira kwa mfumu. Anansi auzidwe tsiku ndi ola. Amene wakana, wakana. Kumanda, kudambwe, kundagala ndi kutsimba kamera sikwezedwa, ngakhale muli kunja kwa malire ake. Malo a asilikali, ndende ndi Nyumba ya Boma, zimene ndidatchula poyamba zija, nsungwi nayonso isayandikireko. Mukamaliza kujambula, tsitsani foni, aonetseni eni malo zimene mwatenga, ndipo chimene sakuchifuna chifufutidwe iwo akuona. Mukalakwitsa pamenepa kamodzi, mudzi wonse udzatsekera aliyense wobwera ndi nsungwi pambuyo panu.

Zithunzi zambiri za masiku ano zimafera m'foni: yabedwa, yagwera m'madzi, memori yadzaza, mwana wafufuta. Umboni wa mtsinje umafunika kukhala zaka 20 kapena 30. Tili ndi mwayi kuti National Archives of Malawi, nyumba yosunga zolembedwa za dziko lino, ili mumzinda momwe muno, ndipo ofufuza amachokera kutali kudzaona zithunzi za Zomba wakale. Zambiri mwa zimenezo zidajambulidwa ndi alendo ndi a boma, ndipo zikuonetsa zimene iwo ankaziona kuti n'zofunika. Za dimba la agogo anu m'mbali mwa Likangala mudzajambula ndinu.

Pempho langa ndi ili. Mvula isanagwe chaka chino, sukulu iliyonse, kalabu iliyonse ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi uliwonse imene yaimiridwa muno isankhe malo amodzi okha: gombe la mtsinje, mutu wa chigwembe, kapena kachigawo ka mbande. Pemphani chilolezo, yang'anani mawaya, ikani ndodo ya mita, jambulani. Tsukitsani chithunzicho pa pepala makope awiri, kuseri kwake mulembe malo, tsiku, ola, utali wa nsungwi ndi mbali imene kamera idaloza. Kope limodzi likhale kwa mfumu kapena kwa mphunzitsi wamkulu, linalo mulisunge kuti tidzasonkhanitse onse n'kukapempha a ku Archives atisungire. Mu Epulo mudzabwerere pamalo omwewo.